Liwu Limodzi ndi Madimba a ku Mkanda

Nditamaliza maphunziro a uphunzitsi ananditumiza ku Mchinji, pa sukulu ina ya sekondale yoyendera kufupi ndi Kamwendo. Kwathu ndi ku Thyolo, ndipo mbali ino ya dziko ndinali ndisanapondeko. Anandipatsa makalasi a Chingerezi ndi Jogalafe. Chingerezi ndinkachidziwa, ndipo sindinkabisa kuti ndikuchidziwa.

Ana anga ankaloweza bwino kwabasi. Ndikafunsa kuti erosion n'chiyani, kalasi yonse inkayankha pamodzi ngati pemphero, liwu ndi liwu monga zalembedwera m'buku. Tsiku lina ndinawauza kuti, "Chabwino, tsopano wina atuluke akandilozere erosion imeneyi." Palibe anadzuka. Chonsecho kuseri kwa kalasi yathu kunali chigwembe chakuya choti mbuzi ikagweramo inkafuna chingwe. Ndinawatulutsa onse n'kukawaimika m'mphepete mwake. Mtsikana wina anayang'ana pansipo, kenako anayang'ana ine.

"Madamu, ndiye kuti nkhani yonse ija ndi kukokoloka kwa nthaka basi?"

"Basi," ndinatero.

Kuyambira tsiku limenelo ndinagula kope lachikuto cholimba. Kumanzere ndinkalemba liwu la Chingerezi, kumanja tanthauzo lake m'Chichewa. Mawu ena anali osavuta. Wetland ndi dambo, palibe chokambirana. Ena ankandizunguza. Environment anthu amati chilengedwe, koma chilengedwe chimakukumbutsa Mlengi, mitengo ndi mitsinje, pamene liwu la Chingerezilo limatenga zonse zimene zakuzungulira, kuphatikizapo dzala, utsi wa uvuni wa njerwa ndi majumbo ouluka pamsika. Pa liwu lakuti weed ndiye tinakangana ndi ana pafupifupi piriyodi yonse. Buku linkati ndi chomera chosafunika m'munda, ndipo pa zitsanzo zake panali chisoso ndi bonongwe. Anawo anakana kwamtuwagalu. Anati wolemba bukulo sanadyepo chisoso chotendera.

Kope lija linanditchukitsa. Aphunzitsi anzanga ankabwereka, ndipo anthu a m'maofesi akapeza liwu lowavuta ankatumiza munthu kudzandifunsa. N'chifukwa chake alangizi a zaulimi a m'deralo atasowa womasulira anabwera kwa ine. Anati bungwe lina latumiza katswiri wa za madzi ndi nthaka, bambo wa ku Kenya amene sankamva Chichewa, ndipo akufuna kulankhula ndi alimi a m'mudzi wina cha ku Mkanda, kumene dambo linayamba kuuma msanga chaka ndi chaka. Womasulira wawo anali atapita kumaliro.

"Mukwanitsa, madamu?" anafunsa alangiziwo.

"Mawu onsewo ndili nawo m'kope," ndinayankha.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lake loswa mtengo. Tinapita pa galimoto ya bungwelo, fumbi likulowa ngakhale mawindo ali otseka. Katswiri uja anali wamtali, wolankhula motsitsa, ndipo njira yonse ankafunsa mayina a mitengo. Ndinamuuza msangu, msuku, muwanga, iye n'kumalemba.

Anthu tinawapeza atakhala pansi pa mitengo ya mango pafupi ndi tchalitchi, amayi pamphasa, abambo pamabenchi, njinga zitatsamira paliponse. Pakati pa amayiwo ndinazindikira nkhope imodzi. Anali mayi amene ndinkawagula tomato tsiku la msika pa Kamwendo, mayi wojintcha, wa mawu okwera, amene ankapalasa yekha njinga ili ndi madengu awiri. Atandiona anandikwezera dzanja, ine n'kumva kuti ndili pakati pa anthu ondidziwa.

Titapemphera, katswiri anaimirira. Ananena m'Chingerezi kuti wabwera kudzakambirana za conservation ya dambolo. Liwu limeneli linali m'kope langa, ndipo kutsogolo kwake ndinali nditalemba kuti kusunga, kuteteza. Sindinachedwe.

"Akuti abwera kudzakambirana zoti dambo lino litetezedwe, lisungidwe."

Iye anapitiriza kuti dambolo likuvutika ndi ntchito za anthu, ndipo ntchitozo zikapanda kusintha madzi adzatheratu. Ine ndinati, "Akuti dambo likuwonongeka chifukwa cha anthu, ndiye pofuna kuliteteza, zimene mukuchitamozo ziyenera kutha." Ndinkalankhula mokweza, mawu akutuluka mosadodoma, ndipo mumtima ndinkadziyamikira. Sindinaone msanga kuti anthu asiya kugwedeza mitu.

Amayi a tomato aja anaimirira, n'kumanga bwino chitenje chawo.

"Madamu, tatifunsireni bambowo. Mbuzi timaziteteza kwa afisi. Chimanga timachiteteza kwa anankafumbwe. Nanga dambo lathuli akufuna aliteteze kwa ndani? Si ife afisiwo?"

Anthu anang'ung'udza movomereza. Mayiwo sanakhale pansi.

"Mawu amenewa si achilendo kuno. Nkhalango ya kuphiri ija atanena kuti yasungidwa, mayi anga anasiya kukatolako ngakhale bowa. Kusunga timakudziwa. Lero mwabwerera madimba. Ana anga anayi ndawalera ndi dimba limenelo. Mukalisunga, ine mukandisunge kuti?"

Ndinatembenukira kwa katswiri n'kumuuza mwachidule kuti anthu akuopa kutaya madimba awo. Iye anadabwa, nati palibe amene akufuna kutenga dimba la munthu, cholinga ndi conservation basi. Ine ndinabwereza liwu lomwe lija: "Akuti sakulanda, akungofuna kusunga." Pamenepo bambo wina anadzuka n'kukatenga njinga yake. Ena anamutsatira. Alangizi anayesa kuwabweza koma sizinatheke. Pasanathe mphindi khumi pansi pa mango paja panatsala ife atatu ndi mphasa.

Tinakwera galimoto kubwerera. Titayenda ndithu, katswiri anandifunsa mwaulemu kuti liwu lija ndinalimasulira bwanji. Ndinamufotokozera kuti kusunga ndi kuika chinthu pabwino kuti chisakhudzidwe. Anagwira mutu.

"Chimenecho ndi preservation," anatero m'Chingerezi. "Kutseka chinthu, anthu n'kukhala kunja. Ine ndimanena zina. Conservation ndi kugwiritsa ntchito chinthu m'njira yoti chisathe. Ndikufuna anthuwa alime m'dambomo zaka zambiri kuposa zimene atsala nazo panopa."

Nditafika kunyumba ndinatsegula kope langa ndisanavule n'komwe nsapato. Mawu awiriwo anali pa masamba osiyana, koma kutsogolo kwa lililonse ndinali nditalemba chimodzimodzi: kusunga, kuteteza. Zaka ziwiri ndinali ndikuphunzitsa ana kuti ndi liwu limodzi, ndipo mayeso ankakhoza. M'kalasi cholakwacho sichinapweteke munthu. Pansi pa mango paja chinabalalitsa mudzi wonse.

Manyazi ndinachita, koma sindine munthu wokhalitsa m'manyazi. Tsiku la msika litafika ndinapita molunjika pamene mayi aja ankayala tomato wawo. Anandiona ndikubwera, n'kuyamba kukonza milu imene inali yokonzedwa kale.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Taswera."

Anandipatsa mulu umene ndinaloza, popanda basera, chinthu chimene chinali chisanachitikepo.

"Amayi, ndabwera kudzapepesa. Bambo aja sananene zoti muchoke m'dambo. Ndinalakwitsa kumasulira ndine."

Anasiya kukonza milu ija.

"Inu madamu a Chingerezi, kulakwitsa?"

"Ine ndemwe. Liwu lawo lija ndinalipatsa tanthauzo la liwu lina."

"Ndiye amati chiyani?"

Ndinayesa kufotokoza, koma ndinapeza kuti liwu loyenera ndilibe. Ndinazungulirazungulira mpaka iwo anaseka.

"Dimba munalionapo inu? Osati la m'buku. Bwerani Loweruka, mudzaone chimene mukufuna kumasuliracho."

Loweruka ndinakwera kabaza ya njinga yamoto m'mamawa. Ndinawapeza ali kale m'dimba, akutunga madzi ndi keni m'chitsime chokumba pamanja. Kuti afike pamadzi ankatsika masitepe asanu osemedwa m'dothi.

"Nditakwatiwa kuno, madzi awa tinkatunga titagwada pamwamba," anatero. "Sitepe iliyonse mukuionayi ili ndi chaka chake."

Anandiyendetsa dambo lonse. Kumtunda, kumene madzi amayambira, kunali mabulugamu ataliatali amene bambo wina anadzala kuti azipeza mitengo ya zigafa za fodya. Pansi pake panali pouma ngati pabwalo. M'mbali mwa kamtsinje anthu anali atalima mpaka pamadzi penipeni, ndipo gombe linali likugumuka. Anandilozera zitsa za mikuyu ndi katope, n'kundiuza pamene kale panali bango ndi nsenjere. Chilichonse chimene katswiri uja akanatha kunena, mayiwa ankachidziwa, ndipo ankadziwanso amene anadula mtengo uliwonse ndi chifukwa chake.

"Ndiye mukudziwa kuti dambo likutha," ndinatero.

"Amene amatsika masitepewa ndani, ine kapena bambo a ku Kenya?"

Tinakhala pamthunzi wa nthochi. Ndinawafotokozeranso zimene katswiri ananena m'galimoto, kuti chinthu uzichigwiritsa ntchito koma chisathe. Anaganiza pang'ono akusenda nzimbe.

"Kumeneko si kusunga. Kusunga timasunga mbewu m'nsupa, osaikhudza mpaka mvula. Chimene akunenacho ndi kusamala. Ng'ombe yapangolo umaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, koma umaimwetsa, umaipumitsa, suyimenya pachilonda. Mukanati tisamale dambo, palibe akanatenga njinga."

Liwulo ndinali nalo m'kamwa kuyambira ubwana wanga. Kungoti ndinkafunafuna liwu lalikulu lofanana msinkhu ndi la Chingerezilo, n'kudumpha laling'ono limene linali loyenera.

Lolemba nditaweruka ndinapita ku ofesi ya alangizi. Iwo anali atataya kale mtima, ndipo ankaganiza zopititsa katswiriyo kumudzi wina.

"Itanitsaninso msonkhano," ndinawauza. "Ndiyamba kulankhula ndine. Ndipo tisakakhale kutchalitchi, tikakhale m'dambo momwemo."

"Anthu aja sangabwere, madamu."

"Abwera. Amayi a tomato aja akawauza."

Kwa katswiri ndinapempha chinthu chimodzi. Ndinati andilembere mawu onse akuluakulu amene akufuna kugwiritsa ntchito, ndipo pa liwu lililonse andiuze chimene munthu wogwira khasu ayenera kuchita kapena kusiya. Tinakhala masana onse pakhonde la ofesiyo. Pa mawu khumi ndi awiri amene analemba, asanu anawafufuta yekha atalephera kunena kuti mlimi achite nawo chiyani.

Msonkhano wachiwiri anthu anabwera ochepa kuposa poyamba, koma anali eni madimba enieni. Tinaima m'mphepete mwa kamtsinje. Ndisanapereke mpata kwa mlendo ndinati, "Makolo anga, tsiku lija ndinakupatsani mawu olakwika. Bambowa sanati dambo lisungidwe. Anati lisamalidwe, inu mukulima momwemo. Amene anakusokonezani ndine, ndipo ndapepesa."

Bambo wina wachikulire anati, "Mphunzitsi akalakwa amamukwapula ndani?" Anthu anaseka, ndipo ndinadziwa kuti tsopano tikhoza kuyamba.

Katswiri analankhula mwachidule. Atafika pa nkhani ya gombe logumuka, anati pakufunika buffer m'mbali monse mwa madzi. Ndisanatsegule pakamwa, mnyamata wina wa dimba la kabichi anafuula kuti, "Bafa? Tisambiremo?" Chiphwete chinabuka. Mlendoyo anandiyang'ana modabwa, ndipo nditamuuza kuti kwathu kuno bafa ndi kosambira, nayenso anaseka mpaka kupukuta misozi.

Phokoso litatsika ndinafotokoza kuti akunena kampata kosiyidwa osalima pakati pa mizere ndi madzi, kuti udzu ndi mitengo zigwire dothi. Amayi a tomato anagwira m'munsi mwa chitenje chawo n'kuonetsa anthu.

"Akunena mpendero. Nsalu yopanda mpendero imayamba kutha m'mbali."

Palibe anafunsanso tanthauzo. Mkangano umene unatsatira unali wa kukula kwa mpenderowo. Katswiri ankafuna mapazi ambiri, alimi ankafuna ochepa, chifukwa dothi la pafupi ndi madzi ndi limene limabereka kwambiri. Apa ntchito yanga inali yongopereka mawu uku ndi uku osawonjezera kapena kuchotsa. Mayi wina atanena mokalipa kuti mlendoyo salima ndiye sangamve kuwawa kwa mzere umodzi, ndinamasulira momwemo, ukali wake ndi wonse. Mlendoyo anayankha kuti bambo ake anali mlimi wa tiyi pa kamunda kakang'ono, ndipo kuwawako akukudziwa. Anagwirizana pakati. Amayi a tomato anali oyamba kuyeza ndi mapazi awo, ndipo anataya mizere iwiri yathunthu. Nkhope yawo sinali yosangalala, koma anazula zikhomo za m'malire a dimba lawo n'kuzikhoma pamalire atsopano anthu onse akuona.

Mwini mabulugamu ndiye anakana. Katswiri anafotokoza kuti mitengo imeneyi ndi exotic, ndipo ine ndinati ndi mitengo yobwera, yosakhala ya kuno, imene imamwa madzi ambiri ikakhala pagwero. Bamboyo anati yobwera kapena yosabwera, zigafa zake sizingaime ndi mikuyu. Palibe anamukakamiza. Patapita zaka ziwiri anadula theka la mitengoyo atafuna milimo yomangira nyumba, ndipo akazi ake, amene analinso ndi dimba kumunsi, sanalole kuti zitsazo ziphukenso. Theka linalo lilipo mpaka lero.

Kusukulu ndinauza ana a Fomu 3 zonse zimene zinachitika, osabisa mbali yanga. Ndinalemba mawu awiri aja pabolodi n'kuwauza kuti andipatse zitsanzo za kwawo. Wina anati mtedza wambewu timausunga, koma chitsime timachisamala. Wina anati manda timawasunga. Mnzake anatsutsa kuti kumanda kumalowa anthu kukasesa, ndiye ndi kusamala. Ndinawasiya akangane. Kuchokera nthawi imeneyo sindilola mwana kundipatsa tanthauzo la m'buku lokha. Amayenera kunena m'Chingerezi, kunena m'Chichewa, kenako kundiuza kumene anachiona ndi maso.

Ntchito yomasulira sinandithere. Ndaimapo pakati pa alendo ndi alimi ku Kapondo, kuboma ndi m'midzi ya m'malire, kumene ena amayankha m'Chinyanja cha ku Zambia. Ndimaimitsa mlendo aliyense amene waponya liwu lalikulu, ngakhale akhale wa maphunziro otani, n'kumufunsa kuti kwenikweni akufuna anthu achite chiyani. Ena amakwiya. Ambiri amaima kaye, n'kunena chinthu chomveka bwino kuposa chimene anakonzekera.

Katswiri uja anabwerera kwawo ntchito yake itatha. Za dambolo sindinganene kuti linabwerera mwakale. Chaka cha chilala zitsime zinauma ngati kwina kulikonse. Koma gombe linasiya kugumuka, bango linameranso m'malo ena, ndipo mikuyu imene alimi anadzala m'mbali mwa madzi yapitirira kale msinkhu wa munthu.

Ndinapitako komaliza mwezi wa Novembala wapitawu, mvula isanagwe. Mayi aja tsopano ndi amene amayang'anira komiti ya madimba, ndipo tomato amapititsa kumsika ndi mwana wawo wamkazi chifukwa mawondo ayamba kuvuta. Ndinawapeza akukalipira bambo wina amene ng'ombe zake zinalowa m'udzu wa m'mbali mwa madzi. Bamboyo ankati ng'ombe sizidziwa malire.

"Ng'ombe sizidziwa, koma inu mumadziwa," anatero. "Mawa mubwere ndi mbande za nsenjere, mudzabwezeretse pamene zapondapa."

Bamboyo anavomera, n'kukusa ng'ombe zake. Mayiwo anatembenukira kwa ine, n'kundipatsa keni.

"Mwafika bwino, madamu. Mizere itatu iyo sinathiriridwe."

Ndinavula nsapato n'kupita kukatunga.